Tsankho pa ntchito: kumene limabisala ndi zimene lamulo la Malawi likunena

Chidziwitso cha ntchito chatuluka pa gulu la WhatsApp. Kampani ikufuna wolandira alendo mu ofesi, akhale mtsikana wosakwatiwa, wosapitirira zaka 25, ndipo atumize chithunzi cha thupi lonse. Ambiri amangowerenga n'kudutsa, ena n'kutumizira mchemwali wawo kuti akayese mwayi. Komatu mizere itatu imeneyi yaswa kale lamulo ntchito isanayambe n'komwe. Mwamuna watsekeredwa kunja chifukwa ndi mwamuna, mayi wapabanja watsekeredwa kunja chifukwa cha banja lake, chonsecho palibe chimodzi mwa zimenezi chokhudza luso loyankha foni, kulemba alendo m'buku kapena kusunga makalata.

Tsankho lolembedwa poyera chonchi ndi losavuta kuligwira. Lovuta ndi lija losalembedwa paliponse, lochitika pamene bwana akusanthula mulu wa makalata ali yekha madzulo, pamene akusankha woti apite ku maphunziro ku Mangochi, pamene kontrakiti ya mayi woyembekezera yatha ndipo palibe akumuuza kanthu. Ku ofesi yoona za anthu ogwira ntchito, imene ambiri amangoitcha kuti HR, nkhondo yeniyeni ili pa zigamulo zazing'ono ngati zimenezi, ndipo chida chake chachikulu ndi chimodzi: chifukwa cha chigamulo chilichonse chilembedwe, ndipo muyeso wake ukhazikitsidwe musanaone dzina kapena nkhope ya munthu.

Maziko a lamulo

Malamulo oyendetsera dziko a mu 1994, m'gawo 20, amaletsa tsankho la mtundu uliwonse, ndipo gawo 31 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi kulandira malipiro ofanana ndi anzake pa ntchito yolemera mofanana. Lamulo limene limatsitsa mfundozi kufika pa desiki ya bwana ndi Employment Act ya mu 2000. Gawo 5 la lamuloli limatchula zifukwa zimene munthu sayenera kusalidwa nazo: mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chiyankhulo, chipembedzo, maganizo pa ndale kapena pa nkhani zina, dziko lochokera, fuko, ulumali, chuma, kubadwa, kukhala pabanja kapena ayi, udindo wosamala banja, komanso "mkhalidwe wina". Mawu omalizawa ndi ofunika kwambiri, chifukwa amasiya khomo lotseguka ku zifukwa zimene aphungu sanazitchule.

Gawo lomweli limanenanso malo amene tsankho likuletsedwa: polemba ntchito, pophunzitsa, pokweza pa udindo, pa malipiro ndi zina zonse za mu mgwirizano, komanso pochotsa ntchito. Wophwanya gawoli wapalamula mlandu, ndipo monga linalembedwera mu 2000, chilango chake ndi K10,000 ndi zaka ziwiri kundende. Ndalama imeneyo lero siopseza kampani iliyonse. Chimene chimapweteka olemba ntchito ndi chipukuta misozi cha ku khothi, monga tione kutsogoloku. Kunja kwa dziko, Malawi inavomereza mu 1965 mapangano awiri a bungwe loona za ntchito pa dziko lonse la ILO, nambala 100 wa malipiro ofanana ndi nambala 111 woletsa tsankho pa ntchito, kotero mfundozi si zobwera dzulo.

Si kusiyanitsa kulikonse kumene kuli tsankho. Kulemba ntchito n'kusankha ndithu, ndipo wina amatsala. Dalaivala ayenera kukhala ndi laisensi ndi maso oona bwino. Mpingo kapena mzikiti ukafuna mlaliki umatenga wa chipembedzo chake. Wosecha m'thupi akaidi achimayi amakhala mayi. Izi ndi zofunika za ntchitoyo payokha, zoti zitachotsedwa ntchitoyo singagwirike. Koma mpingo womwewo ukafuna mlonda kapena wowerengera ndalama, funso la chipembedzo limayamba kuvuta kuliteteza. Gawo 5 limalolanso ndondomeko zokweza anthu amene akhala akutsalira m'mbuyo, choncho kampani imene yaika padera malo ophunzirira ntchito a atsikana kapena a anthu aulumali sinalakwe.

Pali tsankho lina losatchula munthu. Lamulo la pa kampani limaoneka ngati la aliyense, koma likagwa limagwera gulu limodzi. Msonkhano wa mameneja woikidwa 6 koloko madzulo sabata iliyonse umakhudza onse, koma amene amalephera kawirikawiri ndi amayi a ana aang'ono, ndipo pakutha pa chaka amalembedwa kuti ndi osadzipereka. Kukakamiza aliyense kugwira Loweruka, pamene mashifiti akanatha kusinthanitsidwa, kumachotsa a Seventh Day popanda kutchula Sabata. Yunifolomu yoletsa chovala chilichonse kumutu imachotsa mayi wovala hijabu. Lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limalizindikira tsankho lotere pakati pa amuna ndi akazi: ngati muyeso ukulepheretsa ambiri a mbali imodzi ndipo simungaonetse chifukwa chomveka chouikira, ndi tsankho. Funso loti wa HR adzifunse pa lamulo lililonse la kampani ndi ili: kodi ntchito ingaonongeke chiyani titalichotsa kapena titalifewetsa? Yankho likakhala loti "takhala tikuchita choncho kuyambira kale", lamulolo lilibe miyendo.

Polemba ntchito

Apa ndi pamene zambiri zimaonongekera, ndipo ndi pamene wolakwiridwa amasowa umboni, chifukwa munthu amene sanaitanidwe ku intavyu sadziwa chimene chinachitika ndi kalata yake.

Choyamba kulembedwa si chidziwitso cha mu nyuzi, koma pepala lofotokoza ntchitoyo: zochita zake tsiku ndi tsiku, ndi zoyenereza zake zogawidwa pawiri, zosasoweka ndi zongowonjezera mwayi. Pepala limeneli lisayinidwe ndi kuikidwa deti makalata asanayambe kubwera. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene anakhalapo pa komiti yolemba ntchito. Zoyenereza zikalembedwa mochedwa zimasokedwa molingana ndi thupi la munthu amene bwana akumufuna kale, ndipo mumapeza ntchito ya ukalaliki ikufuna digiri yachiwiri ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndendende.

Kenako ntchitoyo ilengezedwe poyera. Chizolowezi chouza ogwira ntchito kuti "mukadziwa wina mubwere naye" n'chotchipa ndi chofulumira, koma aliyense amabweretsa wakwawo, wa kumpingo kwawo kapena amene anaphunzira naye. Pakatha zaka zisanu dipatimenti yonse imayankhula chiyankhulo chimodzi pa nkhomaliro, popanda munthu amene anakhala pansi n'kukonza zoti zikhale choncho.

Posankha oitanidwa ku intavyu pakhale anthu osachepera awiri, aliyense apereke malikisi payekha potsata pepala lija. Kuno kwathu dzina la bambo lokha limaulula chigawo chimene munthu akuchokera, ndipo mafomu ambiri amafunsanso mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lakwawo. Zimenezi zimafunika munthu akalembedwa kale, pokonza failo yake, za penshoni ndi za abale odziwitsidwa pakagwa ngozi. Pa nthawi yosankha zilibe ntchito. Njira yosavuta ndi yoti kalaliki mmodzi achotse tsamba loyamba, aike nambala pa kalata iliyonse, ndipo osankha aone maphunziro ndi luso lokha.

Mu chipinda cha intavyu muli msampha umene umabwera ndi ulemu wathu womwe. Munthu akalowa n'kukhala pansi, wapampando amafuna kumumasula, ndiye amamufunsa monga timafunsirana paliponse: "Kwanu n'kuti, achimwene?" Kapena kwa mayi: "Ana alipo angati, mayi? Abambo akunyumba amagwira kuti?" Pa minibasi kapena pa maliro awa ndi mafunso abwino. Mu intavyu ndi oopsa, chifukwa yankho likangomveka silingachotsedwe m'mutu mwa ofunsa, ndipo munthuyo akalephera ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti wagwa chifukwa cha kwawo kapena ana ake. Ngati ntchito ili ndi maulendo ambiri, nenani chomwecho kwa aliyense, mwamuna ndi mkazi yemwe: ntchitoyi imafuna kugona kunja masiku khumi pa mwezi, kodi mudzakwanitsa? Zoti ana adzatsala ndi ndani ndi za iye mwini.

Mafunso akuluakulu akhale omwewo kwa onse, ndipo wofunsa aliyense alembe malikisi ake asanayambe kukambirana. Dongosolo limeneli lili ndi chifukwa. Mkulu wa kampani akayamba kuyankhula kuti "ine wachitatu uja wandisangalatsa", ena onse amangogwedeza mutu, ndipo komiti ya anthu asanu yasanduka munthu mmodzi. Amene ali ndi ubale kapena chinansi ndi wofunsidwa anene poyera n'kutuluka pa nthawi imeneyo. Mapepala onse a malikisi asungidwe mu failo imodzi. Kampani imene ili ndi mapepalawa imatha kuyankha dandaulo tsiku limodzi, pamene yopanda mapepala imangotsala ndi mawu oti "tinaona kuti sakuyenera", amene sapulumutsa munthu pamaso pa woweruza.

Pathupi, matenda ndi ulumali

Mayi wogwira ntchito ali ndi ufulu wa tchuthi cha uchembere cha masabata osachepera asanu ndi atatu, cholipidwa mokwanira, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Gawo 47 la Employment Act ndi limene limanena izi, ndipo zaka zake za ntchito zimapitirira kuwerengedwa ngati sanachokepo. Akabwerera ayenera kupeza ntchito yake yomweyo ndi malipiro ake omwewo. Kumuchotsa chifukwa cha pathupi ndi mlandu pansi pa gawo 49, ndipo ndi bwana amene ayenera kuonetsa kuti chifukwa chake sichinali pathupipo. Kusintha kwa lamuloli kwa mu 2021 kunawonjezera nthawi yoyamwitsa, theka la ola kawiri pa tsiku, komanso tchuthi cha abambo cha masabata awiri kamodzi pa zaka zitatu. Tchuthi cha abambochi chili ndi phindu limene ambiri saliona: chimachepetsa maganizo oti mwana akabadwa ndi wantchito wamkazi yekha amene amasowa pa ntchito.

Mabwana ochenjera sachotsa mayi woyembekezera ndi kalata. Amadikira kontrakiti ithe, kapena amati sanakhoze nthawi yoyesedwa, kapena pochepetsa antchito dzina lake limapezeka pamwamba. Pali zinthu ziwiri zoti adziwe. Gawo 28 limati kontrakiti ya nthawi yoikika ikamagwiritsidwa ntchito kudzaza malo amene ndi okhazikika pa kampanipo, imatengedwa ngati yopanda malire. Munthu amene wasayina kontrakiti ya chaka chimodzi kasanu motsatizana pa desiki yomweyo sangangouzidwa kuti yatha basi. Chachiwiri, woweruza amayang'ana madeti. Ngati lipoti la kagwiridwe ka ntchito linali labwino mu Januwale, mayi ananena za pathupi mu Malichi, ndipo kalata yoyamba yomudzudzula inalembedwa mu Epulo, nkhaniyo imadzifotokoza yokha.

Pa nkhani ya HIV, khothi la za ntchito linatsogola aphungu asanalembe lamulo. Mu 2005, pa mlandu wa Banda ndi Lekha, khothili linapeza kuti mayi amene anachotsedwa atangopezeka ndi kachirombo, asanadwale ndiponso osapatsidwa mpata wodziteteza, anachotsedwa mopanda chilungamo, ndipo linati gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko limamuteteza ngakhale silitchula HIV. Lamulo la HIV and AIDS (Prevention and Management) Act la mu 2018 linabwera kudzatsindika: n'koletsedwa kukakamiza munthu kuyezetsa HIV kuti alembedwe ntchito, ndiponso kumuchotsa chifukwa ali ndi kachirombo kapena akuganiziridwa kuti ali nako. Kuyezetsa thupi munthu asanayambe ntchito kumaloledwa, koma dokotala auze kampani chinthu chimodzi chokha, kuti munthuyu angathe ntchito imeneyi kapena ayi. Zimene zimaulula anthu kawirikawiri si dokotala, koma mapepala a sikimu ya chipatala ndi makalata opempha tchuthi chokatenga mankhwala, amene amasiyidwa pa tebulo pomwe mesenjala ndi aliyense wodutsa angawerenge. Mapepala a zaumoyo akhale mu kabati yawoyawo yokiya, osati mu failo imene meneja aliyense amaitanitsa.

Anthu aulumali amatetezedwa ndi Persons with Disabilities Act ya mu 2024, imene inalowa m'malo mwa lamulo la mu 2012 ndipo inasintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA. Mfundo yaikulu pano ndi yoti kuchitira onse mofanana sikokwanira. Intavyu yochitikira pa nsanjika yachiwiri yopanda chikepe ndi yofanana kwa onse, koma woyenda pa njinga ya olumala wagwa asanafunsidwe funso. Wolemba ntchito ayenera kusintha zimene zingasinthike popanda kuika kampani pa mavuto aakulu, ndipo zambiri mwa izo n'zotsika mtengo kuposa mmene anthu amaganizira: kusamutsira ofesi pansi, kuika pulogalamu yowerenga mawu pa kompyuta ya wosaona, kuitana womasulira chiyankhulo cha manja, kusindikiza mayeso ndi zilembo zikuluzikulu. Wantchito wachialubino amafunika chipewa chachikulu, mafuta oteteza khungu ndi ntchito yosamuika pa dzuwa la masana, komanso shifiti yosamuyendetsa yekha usiku, poganizira zimene anthu achialubino akumana nazo m'dziko muno. Njira yabwino yodziwira chofunika ndi kumufunsa mwini wakeyo, osati kumuganizira.

Malipiro

Gawo 6 la Employment Act limalamula malipiro ofanana pa ntchito yolemera mofanana. Mawuwa ndi otambalala kuposa kunena kuti ntchito yofanana. Woyeretsa mu ofesi ndi wosamala kapinga kunja ali ndi ntchito zosiyana mayina, koma zikayezedwa pa luso lofunika, mphamvu, udindo ndi malo ogwirira, zikhoza kulemera chimodzimodzi. Ngati oyeretsa onse ndi amayi, osamala kapinga onse ndi abambo, ndipo malipiro akusiyana, bwana ayenera kufotokoza. Lamuloli limaika mtolo wa umboni pa iye, osati pa wodandaula.

Kusiyana kumalowa mwakachetechete. Tiyerekeze owerengera ndalama awiri a giledi imodzi, olembedwa mwezi umodzi. Pa intavyu onse anafunsidwa kuti kumene akuchokera ankalandira zingati. Mwamuna anati K450,000, mayi anati K380,000, ndipo kampani inawonjezera pang'ono pa chiwerengero cha aliyense. Chaka chilichonse onse amakwezedwa ndi 10 pa 100 iliyonse, choncho mpata umene unali K70,000 umakula chaka ndi chaka, n'kulowanso mu penshoni. Palibe amene anafuna kumulakwira mayiyo, koma kampani inagula tsankho la kumene anachokera n'kulisandutsa lake. Mankhwala ake ndi kukhala ndi mulingo wa malipiro pa giledi iliyonse, wokhala ndi poyambira ndi pothera, ndi kulemba chifukwa nthawi iliyonse munthu akayambira pamwamba pa poyambira.

Kamodzi pa chaka wa HR atulutse mndandanda wa antchito onse, giledi ndi giledi, n'kuika amuna ndi akazi pambalipambali. Asayang'ane salale yokha. M'maofesi ambiri ndalama zenizeni zili mu ma alawansi, mafuta a galimoto, maulendo a kunja ndi ovataimu, ndipo izi zimagawidwa ndi dzanja la meneja popanda muyeso wolembedwa. Kungowerenga kuti chaka chathachi ndani anapita ku maphunziro kangati kumaulula zambiri kuposa ndondomeko yokongola yopachikidwa pakhoma.

Nkhanza zokhudza kugonana

Gender Equality Act, m'gawo 6, imati kuvutitsa munthu ndi mawu, zizindikiro kapena kumugwira m'njira yokhudza kugonana iye asakufuna ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 ndi zaka zisanu kundende. Nkhanzazi ndi tsankho chifukwa zimaika mtengo pa ntchito umene ena saulipira. Zimakula pamene munthu mmodzi ali ndi mphamvu yonse pa mnzake popanda womuyang'anira: kapitawo amene amasankha obwerera nyengo yokolola, meneja amene amasayina yekha za kontrakiti, woyang'anira ophunzira ntchito amene akuyembekezera kulembedwa. Nkhani za m'minda ya tiyi zinafika mpaka ku makhothi a ku London, ndipo mu 2021 kampani ya Camellia, mwini wake wa Eastern Produce Malawi, inagwirizana zopereka mapaundi 2.3 miliyoni pa madandaulo a amayi 36, ngakhale sinavomere kulakwa. Phunziro la HR pamenepo ndi la kamangidwe ka mphamvu. Mndandanda wa olembedwa ntchito za nyengo usakhale m'thumba mwa kapitawo mmodzi.

Gawo 7 limafotokoza zoyenera kupezeka mu ndondomeko ya pa ntchito: njira yoperekera dandaulo, chilango kwa wolakwa, chitetezo kuti wodandaula asabwezeredwe, ndi munthu wapadera amene sali mu mzere wa mabwana ake woti akamuuze mwachinsinsi. Mfundo yomalizayi ndi imene ndondomeko zambiri zimaiphonya. Zimati dandaulo lipite kwa amene amakuyang'anira, chonsecho nthawi zambiri wovutitsayo ndi yemweyo. Cholakwika china chofala ndi kusamutsa wodandaula "kuti pakhale mtendere", wolakwa n'kutsala pa mpando wake. Ena onse amaona, n'kuphunzira kukhala chete. Lamuloli limanenanso kuti wochitiridwa nkhanza sayenera kudikira kuti njira za pa kampani zithe asanapite ku polisi kapena ku khothi.

Lamulo lomweli, m'gawo 11, limalamula kuti polemba ntchito m'boma mbali iliyonse, amuna kapena akazi, isachepere 40 pa 100 ndipo isapitirire 60, pokhapokha oyenera atasowa kapena atakana ntchitoyo. Mu 2020 mabungwe a amayi anachita zionetsero chifukwa mabodi a makampani a boma sanafike pa muyesowu. Gawoli silikhudza makampani omwe si aboma, ngakhale palibe chowaletsa kulitsatira mwa kufuna kwawo.

Munthu akalakwiridwa

Pochotsa ntchito lamulo lili kumbali ya wantchito kuposa mmene ambiri amadziwira. Gawo 57 la Employment Act limafuna chifukwa chomveka chokhudza khalidwe lake, kutha kwake ntchito kapena zosowa za kampani, ndipo pa khalidwe ndi kutha ntchito ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza. Gawo lomweli limatchula zifukwa zosavomerezeka, ndipo mndandanda uja wa gawo 5 ulimo, pamodzi ndi kudwala kwa kanthawi, kukhala mu yuniyoni ndi kukasuma bwana. Gawo 61 limati bwana ndi amene ayenera kupereka chifukwa, ndipo akalephera, kuchotsedwako kumatengedwa kuti n'kopanda chilungamo, popanda kukambirananso. Ngakhale munthu amene wasiya yekha chifukwa bwana wamuzunza mpaka ntchito yosapiririka amawerengedwa ngati wachotsedwa, malinga ndi gawo 60.

Khomo loyamba lakunja ndi ofesi ya leba ya m'boma lanu, ndipo kumeneko salipiritsa. Mkulu wa leba amaitana mbali zonse kuti agwirizanitse. Zikakanika pa mwezi umodzi, nkhaniyo ikhoza kupita ku Industrial Relations Court, khothi la za ntchito lokhazikitsidwa ndi Labour Relations Act ya mu 1996, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Wosakhutira pa mfundo ya lamulo amakachita apilo ku High Court. Nkhani za tsankho pakati pa amuna ndi akazi ndi za nkhanza zokhudza kugonana zikhoza kupitanso ku Malawi Human Rights Commission, imene inapatsidwa udindo woonetsetsa kuti Gender Equality Act ikutsatidwa. Wolakwiridwa ndi nthambi ya boma ali ndi ofesi ya Ombudsman, ndipo wosowa ndalama ya loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.

Khothi likapeza kuti munthu anachotsedwa molakwika likhoza kulamula kuti abwezeredwe pa ntchito yake, apatsidwe ina yofanana nayo, kapena alandire chipukuta misozi. Gawo 63 la Employment Act limaika poyambira: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene wagwira zaka zosapitirira zisanu, masabata awiri kwa wa zaka zopitirira zisanu mpaka khumi, masabata atatu kwa wopitirira khumi mpaka 15, ndi mwezi wathunthu pa chaka chilichonse kwa wopitirira 15. Munthu wa zaka zisanu ndi ziwiri wolandira K400,000 pa mwezi, poyambira pake ndi pafupifupi K1,400,000. Apa ndi pansi chabe, khothi likhoza kupitirira, ndipo lamulo limalola kuwonjezera ndalama ina ngati chifukwa chochotsera chinali cha tsankho.

Chofooka cha dongosolo lonseli sichiyenera kubisidwa. Limagwira bwino kwa munthu amene anali kale pa ntchito ndipo ali ndi kalata m'manja. Wantchito wa m'nyumba, mlonda wa pakhomo ndi waganyu wa pa esiteti lamulo limawateteza chimodzimodzi, koma ambiri alibe kontrakiti yolembedwa kapena pepala la malipiro, ndipo milandu ikachedwa amatopa n'kubwerera kumudzi. N'chifukwa chake umboni uyenera kusonkhanitsidwa zinthu zikuchitika, osati zitatha. Kabuku kolembamo deti, malo, mawu enieni amene ananenedwa ndi amene analipo kamathandiza kwambiri. Mauthenga a pa foni asafufutidwe, ndipo ajambulidwe n'kusungidwa kwina, chifukwa foni ndi imelo ya kampani amalanda tsiku lomwe munthu wachotsedwa. Mapepala a malipiro, malipoti a kagwiridwe ka ntchito ndi chidziwitso chimene munafunsira ntchito zisungidwe kunyumba. Dandaulo la mkati mwa kampani likhale lolembedwa, ndipo wolandira asayine pa kope lanu. Kwa wolipidwa kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, mauthenga a mwezi ndi mwezi amaonetsa kuti ubale wa ntchito unalipo ndi kuti malipiro anali angati.

Pomaliza pali nthawi. Gawo 62 limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti dandaulo lifike ku ofesi ya leba. Ambiri amataya miyezi imeneyi akudikira lonjezo la bwana loti "tidzakuitanani zinthu zikakhala bwino", kapena akutuma abusa ndi achibale kukapepesa m'malo mwawo. Kukambirana koteroko kukhoza kupitirira, koma dandaulo likalembetsedwe kaye ku leba, ndipo wodandaula atenge kalata yoonetsa deti limene analipereka.